THEWERA LA NSALU LIKALI NDI NCHITO M'KOMBONI

Mwana akamafika zaka ziwiri amakhala atasinthidwa thewera pafupi-fupi nthawi 4,000. Ciwerengero cimeneci n'cosabvuta kucipeza. M'miyezi itatu yoyamba khanda limasinthidwa kasanu ndi katatu pa tsiku, masiku ena kufika pa 10 kapena 12, ndipo likasinkhukirako limasinthidwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Banja limene ligwiritsa nchito madayapa otaya liyenera kugula dayapa yatsopano pa kusintha kulikonse, ndi kupezanso kotayira. Banja limene ligwiritsa nchito matewera a nsalu, amene ambiri amawacha manapukeni, limagula matewera 24 kamodzi kokha, koma tsiku lililonse liyenera kupeza madzi, sopo ndi munthu wocapa.

Azimai amene analera ana m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Navutika ku Chipata, ngakhale ku Matero ndi Chawama mu Lusaka, analibe cosankha. Nyumba imene munali khanda inali kudziwika ndi nthambo yodzala matewera oyera pabwalo, ndipo ambuya akabwera kudzaona mdzukulu anali kuyamba ayang'ana pa nthamboyo asanalowe m'nyumba. Madayapa analipo m'masitolo akulu-akulu a m'tauni, koma anali a anthu a kumayadi. Lero agulitsidwa imodzi-imodzi pa kantemba, pamodzi ndi machesi ndi pamela wa unga, kotero kuti amai ambiri acitsikana sadziwanso kapindidwe ka thewera.

Dayapa si cinthu cakale kwenikweni. Kampani ya Procter & Gamble inayamba kugulitsa Pampers ku America mu 1961, ndipo dzinali linafala kotero kuti anthu amacha dayapa iliyonse ndi dzina lomweli ngakhale ikhale ya kampani ina. Kunja kwace ndi pulasitiki. Mkati muli zofewa zocokera ku mitengo, zosakaniza ndi mankhwala ooneka ngati mcere ochedwa sodium polyacrylate, amene anayamba kuikidwamo m'zaka za m'ma 1980. Mankhwalawa amamwa madzi oculuka kuposa kulemera kwao kambiri-mbiri ndi kusanduka phala lolimba. Ndiwo amene amacititsa kuti mwana aoneke wouma. Ndiwonso amacititsa kuti dayapa yotayidwa m'ngalande ifufume ngati ciboliboli ca thonje lonyowa ndi kutseka njira ya madzi.

KUWERENGA NDALAMA

Mitengo isiyana malo ndi malo ndipo isintha kawiri-kawiri, motero ziwerengero zotsatirazi ndi citsanzo cabe. Banja lililonse likhoza kuikapo mitengo ya pa kantemba ka kwao ndi kudziwerengera lokha.

Ngati dayapa imodzi igulidwa K3 ndipo mwana asinthidwa kasanu pa tsiku, banja licotsa K15 tsiku lililonse. Pa mwezi ndi K450, ndalama yokwana kugula thumba la unga la makilogalamu 25 ndi kutsalako ya ndiwo. Pa zaka ziwiri madayapa 4,000 amadya K12,000. Ambiri sazindikira kukula kwa ndalamayi cifukwa imacoka pang'ono-pang'ono, K3 m'mawa, K6 masana, K6 madzulo. Palibe tsiku limene atate a mwana amaona K12,000 ituluka m'thumba nthawi imodzi, cifukwa akanaiona akanafunsa mafunso.

Nsalu nayo ili ndi mtengo wace, ndipo amene amati thewera likagulidwa basi zonse ndi zaulere sanacapepo. Matewera 24 pa K25 limodzi ndi K600. Makabudula a pulasitiki obveka pamwamba, mapini ndi ndowa yokhala ndi cibvundikiro zingatenge K300. Sopo wa K60 pa mwezi afika K1,440 pa zaka ziwiri. Madzi zigubu ziwiri za malita 20 pa tsiku, pa K1 cigubu cimodzi, ndi K1,460. Malasha otenthetsera madzi ndi oika mu nsimbi, pa K100 mwezi uliwonse, ndi K2,400. Zonse pamodzi ndi K6,200. Ndiye kuti m'nyumba mutsala K5,800, pafupi-fupi theka la ndalama imene ikanapita ku madayapa.

Pa ziwerengerozi cinthu codula kwambiri si thewera ai, koma malasha. Amai ocenjera sakoleza mbaula cifukwa ca matewera okha. Amateleka poto wa madzi pa moto wotsala nsima ikapsa, ndipo makala omwewo ndiwo alowa mu nsimbi. Mtengo wa matewera nawo ukhoza kutsika. Thaulo lalikulu la thonje la pa salaula likadulidwa m'zigawo za masentimita 60 mbali zonse, telala wa pa msika wa Kapata akapinda ndi kusoka m'mphepete mwace, lituluka matewera awiri kapena atatu. Cofunika ndi kusankha thaulo la thonje leni-leni, pakuti nsalu zoterera za nailoni sizimwa mkodzo.

Phindu lina limaoneka pa mwana waciwiri. Thewera losamalidwa bwino limalera ana awiri, nthawi zina atatu, kapena kupita kwa mlamu amene ali ndi pakati. Makabudula a pulasitiki okha ndiwo amang'ambika msanga ndi kufuna ena. Thewera likatheratu limakhala cokolopera m'nyumba. Dayapa ikagwira nchito kamodzi yatha.

Palinso cinthu cina cimene sicioneka m'masamu. Dayapa yogula imodzi-imodzi kawiri-kawiri imadula kuposa ya m'paketi yaikulu, motero banja losauka, limene silingakwanitse paketi, ndilo limalipira kwambiri pa dayapa iliyonse. Ndipo ndalama ikacepa, comwe cimacitika n'codziwika. Mwana amene anafunika kusinthidwa kasanu amasinthidwa kawiri. Dayapa yobvekedwa m'mawa imafika nayo madzulo, itafufuma mpaka mwana kuyenda motangadza, cifukwa ukaigwira kunja ioneka youma. Banja loterolo lingaganize kuti lasunga K9, koma amene walipira ndi khungu la mwana.

Mkodzo ukakhala nthawi yaitali pamodzi ndi matubvi umatulutsa mpweya wonunkha wa amoniya, ndipo zimenezi zimapatsa mphamvu zinthu za m'matubvi zimene zimadya khungu. Matako amafiira, amasupuka, ndipo mwana amalira akamakodza. N'zoona kuti dayapa yabwino imaumitsa khungu kuposa nsalu, ndipo thewera lonyowa losiyidwa mkati mwa kabudula wa pulasitiki nalonso limaocha mwana cimodzi-modzi. Cimene cimateteza khungu ndi kusintha msanga. Ubwino wa nsalu pamenepa ndi wakuti amai sawerenga ndalama posintha mwana. Akanyowetsa kasanu ndi kawiri, asinthidwa kasanu ndi kawiri.

Nsalu imathandizanso pa funso limene anamwino amakonda kufunsa ku sikelo, lakuti mwana akodza kangati. Kuyambira tsiku lacisanu cibadwire, khanda limene liyamwa mokwanira limanyowetsa matewera asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Pa nsalu zimenezi zimaoneka poyera, pamene dayapa imabisa mkodzo wocepa. Mwana wotsegula m'mimba akakhala maola asanu ndi limodzi osanyowetsa thewera, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Apatsidwe bere ndi madzi a moyo a ORS, ndipo apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo osayembekeza kuti kuce.

MADAYAPA 36,500 AMAPITA KUTI?

Msewu umodzi wa m'komboni wokhala ndi ana 20 obvala madayapa umatulutsa madayapa 100 pa tsiku. Pa sabata ndi 700, pa caka ndi 36,500, onse odzala ndi zonyansa za munthu. Kumene galimoto ya zinyalala imafika ndipo anthu amalipira, madayapawa amapita kumalo otayirako zinyalala a khonsolo, monga ku Chunga mu Lusaka. Kumeneko amaunjikana cabe, cifukwa pulasitiki siola monga mmene ziolera nsanza kapena makoko a cimanga. Koma nyumba zambiri za m'makomboni sizifikiridwa ndi galimoto, ndipo pamenepo amai amatsala ndi njira zinai zokha: dzenje la kuseri kwa nyumba, cimbudzi, moto, kapena ngalande usiku anthu atagona.

Palibe njira yabwino pa zinaizi. M'dzenje losakwirira agalu amafukula ndi kumwaza zidutswa pabwalo la anansi, ndipo ndeu zambiri za pakati pa azimai oyandikana nyumba zimayambira pamenepo. Nchenche zimene zatera pa dayapa ndi zomwezo zimatera pa nsima ndi pa milomo ya mwana wogona. M'cimbudzi cokumba dayapa siphwanyika. Dzenje limene likanatha zaka zambiri limadzala msanga, ndipo anthu opopa zimbudzi amayamba akoka zinyalalazo ndi mafosholo ndi zokowera asanagwire nchito yao. Pa nyumba ya lendi imene mabanja asanu agwiritsa nchito cimbudzi cimodzi, mtengo umenewo umagwera onse, ngakhale amene alibe khanda. M'cimbudzi ca madzi dayapa imodzi yokha ikwanira kutseka paipi. Moto nawo suthandiza, pakuti dayapa yonyowa siyaka bwino. Imangofuka utsi wa pulasitiki kwa maola ambiri, utsi umene umalowa m'nyumba ndi kutsokomoletsa ana omwewo.

Ngalande ndiyo yoopsa kuposa zonse. Mzinda wa Chipata uli m'munsi mwa mapiri, ndipo mvula ya mu Januwale ikagwa madzi amatsika ndi mphamvu, kukokolola ciliconse cimene apeza kupita naco ku mtsinje wa Lunkhwakwa. Akapeza ngalande yotsekeka ndi mapulasitiki ndi madayapa ofufuma, amasefukira m'mabwalo, amalowa m'zimbudzi, ndipo kucokera m'zimbudzi amapita m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti matubvi a khanda alibe matenda cifukwa khanda limangoyamwa. Zimenezi si zoona. Ana ang'ono ndiwo amadwala kwambiri matenda otsegula m'mimba, motero zonyansa zao zimakhala ndi tizilombo tambiri. Kacilombo ka rotavirus, kamene katemera wace anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zambia mu 2013, kamayenda kucokera kwa mwana wina kupita kwa wina kudzera m'zonyansa zomwezi. A zaumoyo amati malo oyenera zonyansa za mwana ndi m'cimbudzi, osati pa dzala. Amai ocapa thewera amacita zimenezi mosaganizira n'komwe, cifukwa sangaviike thewera asanakhuthule. Amai obveka dayapa kawiri-kawiri amangoikulunga ndi zonse zili mkatimo ndi kuiponya.

Dziko lino lidziwa bwino cimene cimacitika zonyansa zikasakanizika ndi madzi akumwa. Kolera imene inabuka mu Lusaka mu Okutobala 2017 inagwira anthu 5,905 m'dziko lonse pofika mu Meyi 2018 ndipo inapha 114, ndipo komboni ya Kanyama inali pakati pa malo amene anakhudzidwa kwambiri. Ya mu Okutobala 2023 inaposa pamenepo. Anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anafunika kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kungakhale kunama kunena kuti madayapa ndiwo anabweretsa kolera. Kolera imabwera ndi madzi ndi cakudya cimene cakhudzidwa ndi zonyansa za munthu wodwala. Koma ngalande yotsekeka ndi njira imodzi imene zonyansazo zimafikira pa citsime. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka zinyalala mu 2018, koma palibe wapolisi wa khonsolo amene angaime pa ngalande iliyonse pakati pa usiku.

Ena amafunsa ngati kucapa sikuononganso cilengedwe mwa njira yace. Funsoli linafufuzidwa ku Britain. Mu 2008 bungwe la Boma loona za cilengedwe kumeneko linapeza kuti mpweya wotenthetsa dziko wocokera ku matewera ocapa unali wofanana ndi wa madayapa, pafupi-fupi makilogalamu 570 ndi 550 pa mwana mmodzi m'zaka ziwiri ndi theka. Cimene cinakweza ciwerengero ca nsalu anali magetsi a makina ocapira ndi oumitsira. Lipoti lomwelo linati banja loyanika pa nthambo, locapa matewera ambiri nthawi imodzi ndi kuwagwiritsanso nchito pa mwana waciwiri likhoza kucepetsa ciwerengeroco ndi magawo 40 pa 100 alionse. Kafukufuku wina wa Boma la Britain mu 2023 anapeza kuti matewera ocapa atulutsa mpweyawo wocepa ndi magawo 25 pa 100 poyerekeza ndi madayapa, ngakhale kuti amadya madzi ambiri. Zimene azungu amalangizidwa kucita kuti nsalu ipindule, kuyanika pa dzuwa ndi kusungira mwana wotsatira, ndi zimene amai a m'komboni akhala akucita kuyambira kale.

KACAPIDWE NDIKO KAMASIYANITSA

Thewera locapidwa mosasamala lingadwalitse banja kuposa dayapa, motero apa m'pofunika kumvetsa. Thewera likabvulidwa, zonyansa zikhuthulidwe m'cimbudzi nthawi yomweyo. Kenaka litsukuluzidwe m'madzi pang'ono ndi kuikidwa mu ndowa yace-yace, imene sigwira nchito ina iliyonse m'nyumba. Ndowa ya matewera isatungire madzi akumwa, isatsukire mbale, ndipo ikhale yobvundikira. Cibvundikiro cimaletsa nchenche ndi fungo, komanso cimapulumutsa moyo, cifukwa mwana woyamba kuyenda akasuzumira mu ndowa ya madzi mutu umatsogola ndipo sangathe kudzicotsa yekha. Ndowayo ikhale pamalo pamene mwana safika.

Matewera acapidwe tsiku lililonse, kapena osapitirira masiku awiri, ndi sopo ndi madzi otentha. Mwana akatsegula m'mimba kapena akakhala ndi zilonda m'matako, ndi bwino kuwawiritsa. Amene agwiritsa nchito Jik asungunule m'madzi monga mwalembedwera pa botolo, ayambe atsukuluza mkodzo, ndipo asasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, cifukwa zikasakanizika zimatulutsa mpweya woopsa. Jik wambiri amadyanso nsalu ndi kufupikitsa moyo wa thewera. Kutsukuluza komaliza ndiko kumene ambiri amafulumira pofuna kusunga madzi. Sopo wotsalira mu nsalu amaumitsa thewera ngati cikumba ndi kuyabwa mwana, motero litsukuluzidwe mpaka thobvu litatha.

Madzi a mu ndowa ndi oyamba kucapira atayidwe m'cimbudzi. Asathiridwe pabwalo pamene ana amakwawa, m'dimba la ndiwo zamasamba, kapena pafupi ndi citsime ndi pompi. Kucapira matewera pa mtsinje kapena pa pompi ya anthu onse ndi kugawira mudzi wonse matenda a mwana mmodzi. Pambuyo pace manja asambidwe ndi sopo, ngakhale thewera linali la mkodzo wokha, asanagwire bere kapena mthiko.

Poyanika, thewera likhale pa nthambo pamene pali dzuwa, osati pa udzu, pa mpanda wa maluwa kapena pansi. Pali nchenche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa zokhala pamthunzi, maka-maka zimene zili ndi fungo la mkodzo. Mazirawo amaswa m'masiku awiri kapena atatu, ndipo timphutsi tace tikakhudza khungu timaboola ndi kukulira mkati. Mwana amatuluka zotupa zonga zithupsa, zokhala ndi kabowo pakati, ndipo amalira usiku wonse. Nyengo ya dzinja ndiyo nthawi yace. Nsimbi yotentha bwino, yopititsidwa mbali zonse ziwiri za thewera ndi m'mipendero, imapha mazirawo. Ambuya amene anali kukakamira kuti thewera lililonse lisitidwe sanali kufuna kukongola cabe. Mwana akapezeka ndi zotupa zotere asafinyidwe ndi mphamvu kapena kubooledwa ndi phini, apite naye ku kiliniki.

Posintha mwana, matako atsukidwe ndi madzi oyera, kwa mwana wamkazi kucokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndi kuumitsidwa bwino. Mafuta pang'ono a Vaseline kapena a zinki amateteza khungu. Paudala ndi wosafunika, cifukwa fumbi lace limalowa m'mapapo a khanda. Masana mwana asiyidwe kanthawi pa citenje wopanda cobvala kuti khungu lipitidwe mphepo, ndipo kabudula wa pulasitiki asakhale pathupi tsiku lonse m'nyengo yotentha ya Okutobala. Kufiira kukapitirira masiku atatu, kapena kukalowa m'mapindiko a nchafu ndi timadontho tofiira m'mbali mwace, kawiri-kawiri kumakhala kwa mafangasi ndipo kumafuna mankhwala a ku kiliniki. Phini ilowetsedwe dzanja la amai lili pakati pa nsalu ndi mimba ya mwana.

NANGA WOCAPA NDANI?

K5,800 ija siibwera yokha. Imabwera ndi ola limodzi kapena awiri a nchito tsiku lililonse: kutunga, kucapa, kuyanika, kuanula mvula ikayamba, kusita. M'nyumba zambiri nchito yonseyi imagwera amai amene angocira kumene, kapena mtsikana wa sukulu amene anafunika kukhala pa mabuku. Abambo amene akondwera ndi ndalama yotsala ayenera kudziwa kumene icokera. Mwamuna amene aona kuti kucapa thewera kumucotsera ulemu akhoza kutunga zigubu ziwiri zija asanapite ku nchito, kapena kugwira nsimbi madzulo. Palibe mwambo umene umaletsa zimenezo.

Ndipo alipo mabanja amene nsalu yokha siingawakwanire. Amai ogulitsa pa msika kuyambira m'mamawa mpaka madzulo alibe posungira matewera onyowa asanu. Amai ogwira nchito m'nyumba za anthu kapena mu ofesi amasiya mwana ndi wina amene mwina sangacape. Pali maulendo a basi ocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, pali maliro, pali masiku ogona m'cipatala. Palinso nthawi imene madzi amasowa. Mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, magetsi anali kuzima maola ambiri ndipo mapampu a madzi anali kuima nawo. Banja limene lapeza cigubu cimodzi tsiku lonse liyenera kuyamba ndi kumwa, kuphika ndi kusamba m'manja. Kuuza amai oterowo kuti acape matewera khumi ndi kusawamvera cisoni.

Dziko la Vanuatu, la zisumbu za m'nyanja ya Pacific, linaphunzira zimenezi. Mu 2019 Boma lace linalengeza kuti lidzaletsa madayapa otaya cifukwa anali kudzaza malo otayirako zinyalala. Makolo ambiri, maka-maka azimai apanchito, anadandaula kuti sanafunsidwe ndiponso kuti nchito yocapa idzagwera iwo, ndipo Boma linaimitsa ciletsoco. Kukakamiza sikunathandize kumeneko, ndipo sikungathandize kuno.

Cimene cingatheke m'nyumba zambiri ndi kuphatikiza: nsalu masana pamene mwana ali pakhomo, dayapa usiku ndi paulendo. Banja limene licepetsa madayapa kucoka pa asanu kufika pa imodzi pa tsiku limagula 730 pa zaka ziwiri m'malo mwa 4,000. Pa mtengo wa K3 uja ndi K2,190. Msewu uja wa ana 20 ungatulutse madayapa 20 pa tsiku m'malo mwa 100. Dayapa imodziyo nayo ikhuthulidwe m'cimbudzi isanakulungidwe, imangidwe m'pepala la pulasitiki, ndipo ipite ku galimoto ya zinyalala kapena ikwiriridwe mozama kutali ndi citsime.

Amai apakati amene akonza cikwama ca ku cipatala ayambe kusonkhanitsa matewera mwezi wacisanu ndi cimodzi, awiri kapena atatu mwezi ukatha, kuti mtengo usagwe nthawi imodzi. Mwana wobadwa m'dzinja afunika matewera oonjezera, mwina 30, cifukwa masiku a mitambo nsalu imatenga masiku awiri kuti iume, ndipo nthambo ina imangidwe pakhonde. Matewera atsopano acapidwe kawiri kapena katatu mwana asanabadwe. Thonje longocoka m'sitolo limakhala ndi mafuta ndi mankhwala a ku fakitale amene amaletsa madzi kulowa, ndipo thewera lotere likabvekedwa osacapa mkodzo umangotsetsereka mpaka pa citenje ca wonyamula.